Mary Cassatt, Mkazi wa ku America Amene Analowa M'gulu la Ojambula Ogalukira ku Paris

Ku Art Institute of Chicago kuli chithunzi chimene Mary Cassatt anajambula mu 1893, chotchedwa The Child's Bath. Mayi wovala diresi la mizeremizere wakhala chapansi, ndipo wakhazika mwana pamiyendo pake. Dzanja lake lamanzere lazungulira m'chiuno mwa mwanayo kuti asaterereke, lamanja lagwira kaphazi m'beseni la madzi. Mwanayo watsamiza dzanja pa bondo la mayiyo. Onse awiri awerama, maso ali pamadzi, ndipo palibe amene akuyang'ana ife oonerafe. Cassatt anajambula chithunzichi ngati kuti iye waima pamwamba pawo n'kumayang'ana pansi, choncho chimene chimayamba kukukoka ndi manja aja, olimba, otanganidwa, a munthu amene wasambitsapo mwana kambirimbiri.

Aliyense amene anasambitsapo mwana m'beseni amaudziwa kagwiridwe kameneko. Ndicho chifukwa chake zimandiwawa kumva Cassatt akutchulidwa ngati wojambula tizithunzi tokoma ta amayi ndi makanda, toyenera pa makadi a mafuno abwino. Iye ankajambula ntchito, ndipo nayenso anali munthu wa ntchito yakalavulagaga, wouma mutu, amene analimbana ndi bambo ake, aphunzitsi ake ndi oweruza a zaluso kuti apeze malo amene nthawi imeneyo akazi sankapatsidwa.

Mary Stevenson Cassatt anabadwa pa 22 Meyi 1844 ku Allegheny City, m'chigawo cha Pennsylvania, dera limene lero ndi mbali ya mzinda wa Pittsburgh. Banja lake linali lopeza bwino. Bambo ake, a Robert Cassatt, ankagula ndi kugulitsa malo komanso masheya, ndipo mayi ake, a Katherine, anachokera m'banja la eni banki. Kuyambira 1851 mpaka 1855 banjali linakhala ku France ndi ku Germany, ndipo kumeneko Mary anaphunzira Chifalansa ndi Chijeremani ali mwana. Atabwerera kwawo, ali ndi zaka za m'ma 15 kapena 16, analowa sukulu ya zojambula ya Pennsylvania Academy of the Fine Arts ku Philadelphia.

Mabanja olemera a nthawi imeneyo ankakonda kuti mtsikana adziwe kujambula pang'ono, monga mmene ankaphunzirira kuimba piyano, kuti akhale mkazi wooneka wophunzira. Kujambula kuti azigulitsa n'kumadya thukuta lake inali nkhani ina. Zimanenedwa kuti bambo ake atamva maganizo amenewo ananena kuti mwina kukanakhala bwino kumuona atafa. Pasukulupo zinthu sizinali bwinonso. Ophunzira aakazi sankaloledwa kujambula munthu wamoyo wosavala, amene ndiye maziko ophunzirira mmene thupi linapangidwira. Iwo ankangokopera ziboliboli za pulasitala. Mary anatopa nazo, ndipo pofika 1866 anali ali ku Paris.

Kumenekonso anapeza chitseko chotseka. Sukulu yaikulu ya boma, École des Beaux-Arts, sinkalandira akazi, ndipo inadzayamba kuwalandira mu 1897. Choncho iye ankalipira maphunziro apadera kwa Jean-Léon Gérôme, kenako kwa Charles Chaplin ndi Thomas Couture, ndipo masiku ambiri ankakhala mu Louvre kukopera zithunzi za akatswiri akale.

Kuti timvetse zimene zinachitika pambuyo pake, tiyenera kudziwa kuti Salon chinali chiyani. Chinali chionetsero chachikulu cha zojambula chimene chinkachitika ku Paris chaka ndi chaka. Wojambula ankatumiza ntchito yake, gulu la oweruza n'kusankha zolowa ndi zobwezedwa. Amene walowa ankaonedwa ndi khwimbi la anthu, olemba nyuzi ndi ogula. Amene wakanidwa ankasowa kogulitsa. Oweruzawo ankakonda zithunzi za nkhani za m'Baibulo, nthano za Agiriki ndi nkhondo zakale, zojambulidwa mosalala kwambiri moti mzere wa burashi usaoneke, ndiponso za mitundu yoderapo. Mu 1868 iwo analandira chithunzi cha Cassatt cha mtsikana woimba mandolini, ndipo iye anachionetsa pa dzina lakuti Mary Stevenson.

Nkhondo ya pakati pa France ndi Prussia itabuka mu 1870, anabwerera ku Pennsylvania, ndipo iyi inali nthawi yowawa kwambiri pa unyamata wake. Bambo ake ankamudyetsa ndi kumuveka, koma anakana kumugulira penti ndi zinsalu zojambulapo. Anapita ndi zithunzi zina ku Chicago kuti akagulitse, ndipo zinapsa pa moto waukulu umene unawononga mzindawo mu 1871. Amene anamuwombola anali Bishopu Michael Domenec wa ku Pittsburgh, amene anamutuma ku Parma, ku Italy, kuti akakopere zithunzi ziwiri za Correggio, katswiri wakale wojambula wa kumeneko, n'kumupatsa ndalama ya ulendo. Correggio ankadziwa kujambula thupi la mwana ndi kufewa kwa khungu lake, ndipo Cassatt anazisunga zimenezi mumtima. Kuchoka ku Parma anapita ku Madrid ndi ku Seville, ndipo mu 1874 anakhazikika ku Paris.

Chaka chomwecho gulu la ojambula otopa ndi Salon linachita chionetsero chawochawo m'nyumba imene wojambula zithunzi za kamera, Nadar, ankagwiriramo ntchito. Munali Claude Monet, Pierre-Auguste Renoir, Camille Pissarro, Edgar Degas, Berthe Morisot ndi ena. Wolemba nyuzi wina, Louis Leroy, anatenga mawu a pa chithunzi cha Monet chotchedwa Impression, soleil levant n'kuwanyoza nawo onsewo kuti ndi a Impressionist, kutanthauza anthu ongojambula chimene chawafikira m'maso mongodutsa, osamaliza ntchito. Dzina lonyozalo linakakamira.

Zimene iwo ankachita zinali ndi nzeru yake. Ankati diso siliona chinthu chili ndi mtundu umodzi wokhazikika. Khoma loyera limaoneka lachikasu m'mawa, lobiriwira pansi pa mtengo, ndipo mthunzi wake umakhala ndi buluu ndi pepo m'malo mwa kuda bii. Choncho ankaika timizere ta penti ya mitundu yowala moyandikana, osaisakaniza kwambiri, kuti diso la woonera liisakanize lokha akaima chapatali. Ankajambula zimene zinali pamaso pawo: masiteshoni a sitima, ochapa zovala, ovina, anthu opuma m'mbali mwa mtsinje wa Seine. Chinawathandiza china chinali kachubu ka chitsulo kofinya kosungiramo penti, kamene munthu wa ku America, John Goffe Rand, anatulukira mu 1841. Ndi kachubuko wojambula ankatha kunyamula penti kupita nayo panja osauma.

Cassatt anayamba kuona ntchito za Degas pawindo la sitolo ya wogulitsa zithunzi pa Boulevard Haussmann. Anadzalemba yekha kuti ankapita kukakanikiza mphuno pagalasi la windolo kuti amwe zonse zimene angathe, ndipo zimenezo zinasintha moyo wake. Mu 1877 oweruza a Salon anakana zithunzi zake zonse ziwiri. Degas, amene anali ataona kale ntchito yake n'kuikonda, anabwera kudzamupempha kuti alowe m'gulu lawo, koma lamulo linali lakuti asiye kutumiza ku Salon. Iye anavomera ndi manja awiri. Atakalamba anauza Achille Segard, amene analemba mbiri yake mu 1913, kuti pamenepo ndi pamene anayamba kukhala ndi moyo. Anaonetsa nawo mu 1879, 1880, 1881 ndi 1886, ndipo pa zionetsero zisanu ndi zitatu za gululi, iye yekha ndiye anali wochokera ku America.

Chithunzi chimene chimaonetsa bwino kusinthako ndi Little Girl in a Blue Armchair cha mu 1878, chimene chili ku National Gallery of Art ku Washington. Kamtsikana kadziponya pampando waukulu wa buluu, miyendo ili tang'a, dzanja kuseri kwa mutu, nkhope yonyong'onyeka. Pampando wina pagona kagalu. Mipando inayi yadzaza chipinda chonse ngati zilumba, ndipo pansi paoneka mopendekeka. Ana a anthu olemera nthawi imeneyo ankajambulidwa atakhala mowongoka ngati zidole, manja pamiyendo. Uyu ndi mwana weniweni amene akuluakulu amuveka zovala zabwino n'kumusiya m'chipinda mopanda chochita. Degas anathandizako kujambula mbali ya kumbuyo. Oweruza a gawo la America pa chionetsero cha mayiko onse cha ku Paris cha mu 1878 anachikana, ndipo Cassatt anakwiya nazo kwa zaka zambiri.

Pali funso limene anthu amafunsa: bwanji sanajambule misewu, mabala ndi kuseri kwa mabwalo a zovina ngati anzake aamuna? Yankho lili m'malamulo osalembedwa a nthawiyo. Mkazi wa banja lolemekezeka sakanatha kukhala yekha mu Café de la Nouvelle-Athènes, mmene Degas ndi anzake ankakangana za luso mpaka usiku. Sakanatha kuitana mwamuna wachilendo kuti akhale naye yekha m'chipinda chojambulira. Malo amene anamutsalira anali pabalaza, m'munda wa maluwa, m'ngolo, ndi pamipando ya oonera m'nyumba ya zisudzo. Iye anatenga malo ochepawo n'kuwayang'anitsitsa kuposa wina aliyense. Mu chithunzi cha In the Loge cha mu 1878, chimene chili ku Museum of Fine Arts ku Boston, mkazi wovala zakuda watsamira kutsogolo, akuyang'ana ndi magalasi oonera patali, maganizo onse ali pa zimene akuona. Chakutali, mwamuna wina waloza magalasi ake kwa iye. Mkaziyo alibe nazo ntchito. Anajambulanso mayi ake atavala magalasi akuwerenga nyuzipepala ya Le Figaro, nkhope ili gwa, ngati munthu amene akufuna kudziwa mmene dziko likuyendera. Akazi a Cassatt amawerenga, amaganiza, amasoka, amayendetsa ngolo, ndipo kawirikawiri sakhala kuti akusangalatsa woonera.

Mu 1877 makolo ake ndi mkulu wake Lydia anasamukira ku Paris kudzakhala naye. Lydia ndiye ankamukhalira kawirikawiri kuti amujambule, ndipo amaoneka m'zithunzi zambiri, akuluka m'munda ku Marly, akumwa tiyi, akuwerenga. Ankadwala impso, ndipo anamwalira mu 1882. Imfayo inamufooketsa Mary moti kwa kanthawi analeka kujambula. Iye sanakwatiwe ndipo sanabereke. Anasamalira makolo ake mpaka bambo ake atamwalira mu 1891, mayi ake mu 1895.

Za iye ndi Degas anthu akhala akunong'onezana kuyambira kale. Chimene chikuoneka poyera ndi ubwenzi wa anthu awiri aluso, onse a lilime lakuthwa, amene ankalemekezana ndi kukhumudwitsana mosinthana. Anagwira limodzi ntchito yokonza magazini ya zithunzi zodinda, Le Jour et la Nuit, Cassatt anathera miyezi akuphunzira ndi kukonzekera, kenako Degas anangoisiya. Nkhani ya Alfred Dreyfus, msilikali wachiyuda amene anamunamizira kuti wagulitsa zinsinsi za dziko, itagawa France m'ma 1890, Cassatt anali kumbali ya Dreyfus, Degas kumbali ina. Komabe Degas anasunga chithunzi chake cha Girl Arranging Her Hair cha mu 1886 m'nyumba mwake mpaka imfa yake.

Ntchito imene ine ndimaiona kuti ndi yopambana zonse inabwera mu 1890 ndi 1891. Mu 1890 ku École des Beaux-Arts kunali chionetsero chachikulu cha zithunzi zodinda za ku Japan, za akatswiri ngati Utamaro. Zithunzizo zinalibe mithunzi yochuluka. Zinali mizere yoyera bwino ndi madera a mtundu umodzi, ndipo munthu ankatha kudulidwa ndi m'mphepete mwa pepala kapena kuonedwa kuchokera pamwamba. Cassatt anatengeka nazo kwambiri, mpaka analembera Berthe Morisot kuti asalephere kukaona. Kenako anaganiza zopanga zakezake, zithunzi khumi za tsiku la mkazi wa ku Paris: kusamba, kupesa tsitsi, kumata kalata, kuyesa diresi kwa telala, kukwera basi yokokedwa ndi akavalo, kusamalira mwana.

Ajapani ankasema pamatabwa. Iye anagwiritsa ntchito mapuleti a mkuwa. Mizere ankaikanda ndi singano yolimba mwachindunji pamkuwapo, njira yotchedwa drypoint. Madera a mitundu ankawapanga ndi njira ya aquatint: amawaza ufa wa utomoni papuleti, n'kuutenthetsa kuti umatirire, kenako n'kuviika puletiyo mu asidi, amene amadya timipata ta pakati pa ufawo, n'kusiya timaenje tosaoneka ndi maso timene timagwira inki. Chithunzi chimodzi chinkafuna mapuleti mpaka atatu, ndipo mitundu ankaipaka ndi timipukutu ta nsanza, dera ndi dera, asanadinde pepala lililonse. Pepala likasuntha pang'ono pakati pa puleti yoyamba ndi yachiwiri, ntchito yonse yawonongeka. Anadinda makope 25 a chithunzi chilichonse, mothandizana ndi katswiri wodinda dzina lake Leroy (osati wolemba nyuzi uja), ndipo Cassatt mwini analemba kuti masiku ena ankagwira maola asanu ndi atatu onse awiri n'kutulutsa mapepala asanu ndi atatu kapena khumi basi. Dzina la Leroy analilemba pamapepalawo pamodzi ndi lake, zimene ojambula ambiri sankachita.

Mu Epulo 1891 bungwe la ojambula ndi odinda a ku France linakana kuonetsa ntchito za obadwira kunja. Choncho Cassatt ndi Pissarro, amene anabadwira pa chilumba cha St. Thomas, anaonetsa zawo m'zipinda zoyandikana nawo kwa wogulitsa zithunzi Paul Durand-Ruel. Pa chithunzi cha Woman Bathing, msana wa mkazi wowerama pa beseni wapangidwa ndi mizere yowerengeka chabe, koma kulemera kwa thupi lonse kukumveka. Degas ataona ananena kuti sangavomereze zoti mkazi angajambule bwino chonchi. Ameneyo anali kuyamikira, ndipo mawuwo akutionetsa mpweya umene Cassatt ankapuma tsiku ndi tsiku, ngakhale pakati pa abwenzi.

The Child's Bath chinabadwa kuchokera m'phunziro la ku Japan limeneli: kuyang'ana kuchokera pamwamba, mizere ya diresi kulimbana ndi maluwa a pakapeti ndi pakhoma. Nthawi imeneyo France inali itavutika ndi kolera m'ma 1880, ndipo madokotala ankalimbikitsa ukhondo wa ana. Pali chinanso chimene ambiri sadziwa. Nthawi zambiri mkazi ndi mwana a m'zithunzi zakezi sanali mayi ndi mwana wake. Cassatt ankalemba ganyu akazi a m'midzi yoyandikana nayo, n'kuwaphatikiza ndi ana a anthu ena, malinga ndi mmene nkhope ndi tsitsi zikugwirizanirana. Chikondi chimene timaona m'zithunzimo chinamangidwa ndi maola ambiri a kuyang'ana mmene dzanja limachirikizira msana wa khanda, mmene mwana wotopa amalemerera paphewa. Ndiyenera kuvomereza kuti pambuyo pa 1900, ogula atachuluka, anabwereza mutu umenewu mopitirira, ndipo zithunzi zina za nthawi imeneyo n'zofewa mopanda mphamvu. Zimenezo ndi zimene zinamupatsa mbiri ya wojambula zokoma.

Mu 1892 Bertha Palmer wa ku Chicago anamupempha kujambula chithunzi chachikulu cha pakhoma m'Nyumba ya Akazi pa chionetsero cha mayiko onse cha mu 1893. Chinali chotalika pafupifupi mamita 18, moti anakumbitsa ngalande pansi m'chipinda chojambulira kuti azitsitsiramo chinsalucho pojambula mbali ya pamwamba. Anachitcha Modern Woman. Pakati pake panali akazi ndi atsikana akuthyola zipatso za chidziwitso m'munda, n'kumapatsirana. Aliyense wodziwa nkhani ya Hava anamva chimene iye ankanena. Wina atadandaula kuti mulibe mwamuna ngakhale mmodzi, iye analembera Palmer kuti amuna ajambulidwa kale ndi mphamvu zawo zonse pamakoma a nyumba zina. Olemba nyuzi ambiri sanachikonde, ndipo chionetsero chitatha chithunzicho chinasowa. Chimene chatsala ndi zithunzi za kamera zokha.

Ntchito yake ina siili pa chinsalu chilichonse. Cha m'ma 1874 anadziwana ndi mtsikana wa ku New York, Louisine Elder, ndipo anamulimbikitsa kugula chithunzi cha Degas cha ovina pa mtengo wa mafranki 500. Louisine anadzakwatiwa ndi Henry Havemeyer, mwini chuma cha shuga, ndipo kwa zaka zambiri Cassatt ndiye anali mlangizi wawo pogula zithunzi za Courbet, Manet, Monet ndi Degas. Mu 1901 anayenda nawo ku Italy ndi ku Spain kufunafuna ntchito za Goya ndi El Greco, amene nthawi imeneyo ogula ambiri sankamulabadira. Anakakamizanso mchimwene wake Alexander, amene anadzakhala mkulu wa kampani ya njanji ya Pennsylvania Railroad kuyambira 1899 mpaka 1906, kugula ntchito za anzake pamene iwo ankasowa ndalama ya lendi. Cholinga chake chinali chakuti wophunzira wa ku America asadzafunike kuwoloka nyanja kuti aone chithunzi chabwino, monga zinamuchitikira iye.

Mu 1894 anagula nyumba yaikulu ya kumudzi, Château de Beaufresne, ku Le Mesnil-Théribus kumpoto kwa Paris, ndi ndalama za ntchito yake. Mu 1904 boma la France linamupatsa ulemu wa Légion d'honneur. Chaka chomwecho sukulu yake yakale ya ku Philadelphia inafuna kumupatsa mphoto ya ndalama, ndipo iye anaikana. Anati lamulo la gulu lawo lija linali lakuti pasakhale oweruza, mendulo kapena mphoto, ndipo iye sanalisiye.

Mapeto ake anali olemera. Anapita ku Egypt mu 1910 ndi banja la mchimwene wake Gardner, amene anadwala paulendowo n'kumwalira mu 1911. Cassatt mwini anapezeka ndi matenda a shuga, nyamakazi ndi ng'ala m'maso onse awiri. Maopaleshoni sanathandize, ndipo pofika 1915 anali atasiya kujambula. Chaka chimenecho Louisine anakonza chionetsero ku Knoedler Gallery ku New York chopezera ndalama zomenyera ufulu wa akazi woponya voti, ndipo Cassatt anatumiza ntchito zake kuti zikaonetsedwe pamodzi ndi za Degas. Achibale ake a ku Philadelphia, amene ankatsutsa zoti akazi azivota, anakana kupitako. Iye anakwiya, n'kugulitsa zithunzi zambiri zimene ankafuna kudzawasiyira. Akazi a ku America anapeza ufuluwo mu 1920.

Degas anamwalira mu 1917, ndipo Cassatt anapita kumaliro ake nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati. Iye anakhalabe zaka zina zisanu ndi zinayi, wosaona bwino, akusamalidwa ndi wantchito wake wa zaka zambiri, Mathilde Valet. Anamwalira ku Beaufresne pa 14 Juni 1926 ali ndi zaka 82, ndipo anaikidwa m'manda a banja lake m'mudzi momwemo. Louisine anamutsatira mu 1929, ndipo zithunzi zambiri zimene awiriwa anasankhira limodzi zinapita ku Metropolitan Museum of Art ku New York, kuphatikizapo View of Toledo cha El Greco.